Kodi olemba mabuku onse adamwalira?

Mwezi wa Sepitembala wafika, ndipo kuno ku Thambani munthu safunika kalendala kuti audziwe. Mitengo ya mombo m'nkhalango yavala masamba anthete ofiirira, mango achita maluwa, manachesi atha m'misika, ndipo fumbi la mumsewu wopita kuboma layamba kutipeza mpaka m'kapu ya tiyi. Alimi ali pakalikiliki kusosa. Ife aphunzitsi tatsegulira chaka chatsopano cha sukulu, ana a Fomu 1 afika ndi mayunifomu aakulu oti akule nawo.

Sabata ino ndati tikambirane nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira chaka chatha. Idayamba ndi funso la mwana wa Fomu 3.

Tsikulo tinkaphunzira za buku la Nthondo. Ndidalemba pabolodi dzina la mlembi wake, Samuel Josia Ntara, ndi zaka zake, 1905 mpaka 1976. Ndidafotokoza kuti bamboyu adali mphunzitsi ngati ine ndemwe, wa mishoni ya Nkhoma, kuti bukuli lidatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'ziyankhulo za mu Africa, komanso kuti T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndili mkati mofotokoza, mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene nthawi zambiri sayankhula, adakweza mkono.

"Aphunzitsi, ndifunse nawo. Kodi anthu olemba mabukuwa onse adamwalira?"

Kalasi yonse idafa ndi phwete. Inenso ndidaseka, n'kumuyankha mwachidule kuti ayi, alipo ambiri amoyo. Koma usiku ndikuchonga makope pa kanyali ka sola, funso lija lidandibwerera. Mwanayo sadafunse zopusa. Mlembi aliyense amene tidamuuzapo m'kalasi amakhala ndi zaka ziwiri kutsogolo kwa dzina lake, chobadwa ndi chomwalira. Shakespeare adapita mu 1616. A Ntara adapita makolo a ana ambiriwa asadabadwe n'komwe. Mwana wa kuno adaonapo namwino, wapolisi wa pachipata cha Mwanza, mlangizi wa zaulimi, dalaivala wa thiraki yopita ku Tete. Ntchito zimenezi amazilakalaka chifukwa adaona anthu ake akudya, akuseka, akutuluka thukuta. Koma munthu woti n'kumuloza kuti uyu ndiye adalemba buku ili, sadamuonepo chibadwire. Kwa iye buku limangochokera m'katoni, ngati sopo.

Anzathu a kunja adapeza njira yothetsera vuto limeneli. Kwawoko mitengo imaphukira m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, chisanu chikatha, ndipo malaibulale a m'matauni ndi m'midzi amakonza ndandanda wa zochitika za nyengoyo. Amaitana mlembi kuti adzawerenge mbali ina ya buku lake, anthu n'kumufunsa mafunso, ana n'kumvera nthano, ndipo kawirikawiri polowa salipiritsa. Tsiku lokumbukira mabuku padziko lonse, limene bungwe la UNESCO lidakhazikitsa mu 1995, limakhala pa 23 Epulo, pakatikati pa nyengo yawoyo.

Kwa ife a kumudzi, Epulo ndi mwezi wovuta. Mvula imakhala itangosiya misewu ili makumbimakumbi, makolo ali m'minda kukonzekera kukolola, ndipo ana a Fomu 2 ndi Fomu 4 mitu ili pa mayeso a MANEB. Nyengo yathu yophukira masamba ndi ino. Msewu wauma, galimoto ikhoza kufika, anthu agulitsako nandolo, ndipo ana angoyamba kumene chaka, mitu idakali yopepuka. Pa 8 Sepitembala palinso tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, limene dziko lapansi lakhala likulikumbukira kuyambira 1967. Ndiye ngati tikufuna nyengo yathuyathu ya mabuku, tisaifune kutali.

Sikuti kuno ku Malawi kulibe zoterezi. Bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi likulu lake ku Lilongwe ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Bungweli lidasindikizapo timabuku ta ana ta Werengani, ndipo lidagwirapo ntchito yotolera nthano za makolo m'midzi kuti zisafe ndi eni ake. Kuli bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi. Ku Lilongwe a Shadreck Chikoti adayambitsa Story Club, komwe alembi ndi owerenga amakumana. A Stanley Onjezani Kenani adafika kawiri mu ndime yomaliza ya mphoto ya Caine, mu 2008 ndi 2012. A Benedicto Wokomaatani Malunga, amene mawu awo ambirife tidakula tikuwamva akulakatula pawailesi, adamasulira buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart n'kulitcha Chipasupasu. Anthu olemba alipo ndithu.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti pafupifupi zonsezi zimathera m'tauni. Buku latsopano likatuluka, mwambo wolikhazikitsa umachitikira kuhotela. Mlendo wolemekezeka amagula buku loyamba pamtengo woti n'kulipirira mwana fizi ya chaka chonse, anthu amaomba m'manja, amajambulitsa zithunzi zoika pa Facebook, basi mwambo watha. Sindikunyoza, mlembi naye amafuna kubweza ndalama zimene adalipira kosindikiza. Koma mwana wa ku Thambani, wa ku Neno kapena wa ku Chapananga bukulo sadzaliona, ndipo amene adalilemba sadzamva momwe mwana wa kumudzi akadalimvera.

Ndisathamangire kuloza chala a m'tauni, chifukwa ife aphunzitsi tili ndi mlandu wathu. Pasukulu zambiri za kumudzi, makamaka za CDSS, chimene timachitcha laibulale ndi kabati imodzi kapena ziwiri zokhala muofesi kapena m'chipinda chosungiramo makasu ndi mipira. Pasukulu imene ndimaphunzitsa zidalinso choncho. M'kabatimo mudali mabuku a silabasi, ena amene adabwera ngati mphatso kuchokera kunja, ndi timabuku tochepa ta Chichewa ta a Willie Zingani, a John Gwengwe ndi a E.J. Chadza timene mphunzitsi wina wakale adasiya. Kabatiyo idali yokhoma, ndipo kiyi ankayenda naye munthu mmodzi. Akapita kumaliro, laibulale yatseka. Akapita kuboma kukalandira malipiro, laibulale yatseka.

Chifukwa chake tonse timachidziwa. Buku likasowa, wosunga kiyi ndiye amafunsidwa, mwina mpaka kuuzidwa kuti alipire. Ndiye munthu amaona kuti bola mabuku akhale osawerengedwa koma chiwerengero chikwane. Mmalo mwake ana timawapatsa manotsi ndi mapamfuleti oti aloweze. Mwana amakhoza mayeso a buku limene sadaligwirepo, amadziwa mayina a ampangankhani onse ndi maphunziro asanu opezeka m'nkhaniyo, koma kukoma kwa nkhaniyo sakukudziwa. Tsiku limene tidatsegula kabati yachiwiri kuti tiwerengetse mabuku, tidapeza shelefu yonse yapansi chiswe chitadya. Mabuku amene tinkawateteza kwa ana adathera m'mimba mwa chiswe.

Zimenezi zimandikumbutsa anthu awiri amene moyo wawo udatembenukira pa shelefu ya mabuku. Woyamba ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, wobadwa mu 1987. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake adalephera kumulipirira fizi ndipo adasiya sukulu ya sekondale. Ankapita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi. Ndi zidutswa za njinga, mapaipi ndi zitsulo zotola kudzala, adapanga makina opukusa magetsi pakhomo pa makolo ake. Mu 2009 adatulutsa buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba ndi Bryan Mealer, mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa kanema wa nkhani yake. Tiyeni tidzifunse, aphunzitsi anzanga: mwana wosiya sukulu, wopanda yunifomu, atabwera lero pakhomo pa ofesi yathu kudzabwereka buku, tingamutsegulire kabati?

Wachiwiri ndi Legson Kayira wa kumpoto, amene mu 1958 adanyamuka wapansi kufunafuna maphunziro. Atafika ku Kampala m'dziko la Uganda adalowa mulaibulale, ndipo m'buku lina la mayina a makoleji a ku America adapeza Skagit Valley College. Adalemba kalata, adamulandira, adapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, kenako ku America. Mbiri ya ulendowu adailemba m'buku la I Will Try, limene lidatuluka mu 1965. Anthu awiri onsewa adayamba ngati owerenga pa laibulale ya eni, ndipo onse adadzakhala alembi.

Tisaiwalenso kuti m'dziko muno mudali nthawi imene mabuku ankatsekeredwa ndi boma. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo lidabwera mu 1968. Buku la ndakatulo la a Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, la mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo eni akewo adakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo adapita. Lero palibe wapolisi amene amatiletsa kupatsa mwana buku. Loko ali pakabatiyo tidagula tokha kugolosale.

Funso la mnyamata uja litandisowetsa tulo, ndidakambirana ndi ahedi ndi anzanga awiri a Chingerezi kuti tiyese kuitana mlembi wamoyo. Tidasankha Loweruka lomaliza la Sepitembala chaka chatha. Kudzera mwa mnzanga amene tidali limodzi kukoleji ku Domasi, tidapeza nambala ya mlembi wina wa ku Blantyre. Bamboyo adavomera ndi mtima wonse, adati sakufuna malipiro, tingomupezera thiransipoti ndi nsima. Komiti ya makolo idasonkha nandolo, tidagulitsa, ndalama ya minibasi ndi ya kabaza idakwana. Ana adasesa pansi pa mtengo wa mango, tidabwereka mabenchi kutchalitchi, amfumu tidawadziwitsa.

Lachisanu usiku uthenga udalowa pafoni. Mlendo wathu adagweredwa zovuta kumudzi kwawo ndipo adali kale paulendo wa kumaliro. Palibe amene akadamuimba mlandu, koma ine thukuta lidandituluka. M'mawa mwake anthu adzasonkhana, ndidzawauza chiyani?

Adandipulumutsa ndi mlonda wa pasukulu. Adati, "Aphunzitsi, bwanji osakatenga madala aja a kutsidya? Paja ndakatulo zawo zinkamveka pawailesi kalekale." Ankanena mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene ndakhala ndikupatsana naye moni pamsika zaka zonsezi osadziwa kuti amalemba. M'mamawa ndidapalasa njinga kukagwada pakhomo pawo. Adandiseka, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndine mlembi wanji, buku ndilibe." Koma adavala jekete yawo, adanyamula jumbo yodzaza makope akale, tidanyamuka.

Zimene zidachitika pansi pa mango paja sindidaziyembekezere. Madalawo adalakatula ndakatulo ziwiri, ina ya njala, ina yoseka mkamwini waulesi, anthu n'kumagwa nazo m'mabenchi. Kenako adatsegula kope limodzi n'kuliyendetsa kuti ana aone. Ndakatulo imodzi idalembedwa kasanu, masamba ali okhwatchakhwatcha, mawu ena atafufutidwa mpaka pepala kubooka. Ana adazunguzika. Iwo ankaganiza kuti wolemba amangokhala pansi mawu n'kumatsika okha ngati madzi a pampopi, ndipo kuti kukhwatcha ndi chizindikiro cha umbuli. Mtsikana wina wa Fomu 2 adafunsa kuti, "Agogo, nanga mukalemba anthu n'kukusekani, mumatani?" Adamuyankha kuti amapita kunyumba, amadya nsima, mawa n'kulembanso. Mnyamata wa funso uja adafunsa ngati kulemba kumalemeretsa. Madalawo adamuonetsa nsapato zawo zong'ambika, anthu n'kuseka, koma adawonjeza kuti tsiku limene dzina lawo lidatchulidwa pawailesi, mayi awo adaphika nkhuku.

Atatha iwo, gogo wina wamkazi amene adangobwera kudzaonerera adapempha kuti naye ayambe nthano. Atangoti "Padangokhala," bwalo lonse, ndi amfumu omwe, lidayankha "Tili tonse." Pomaliza tidatulutsa mabuku onse m'kabati muja, tidawayala pamabenchi, ndipo tidalengeza kuti aliyense, wa sukulu ngakhale wa m'mudzi, akhoza kubwereka kwa sabata ziwiri polemba dzina lake ndi la mudzi wake m'kope. Ntchito yosunga kopelo tidaipereka kwa ana anayi, awiri anyamata awiri atsikana, ndipo kiyi tidadulitsa wachiwiri.

Ndikudziwa funso limene aphunzitsi anzanga muli nalo, ndipo ndikuyankhani mosabisa. Inde, mabuku ena adasowa. Pakutha pa chaka, awiri sadabwerere, ndipo limodzi lidabwera chikuto chitanyowa ndi mvula. Lina lidachedwa mwezi wathunthu, ndipo nditamukalipira mwanayo adandiuza kuti bambo ake, amene adalekezera Sitandade 5, ankafuna kuti awawerengere mutu umodzi usiku uliwonse mpaka lithe. Ndidasowa chonena. Mabuku awiri osowawo ndi ochepa kuyerekeza ndi shelefu ija idadyedwa ndi chiswe, ndipo komiti ya makolo idagwirizana kuti buku likasowa, tizikambirana ndi kholo kudzera kwa amfumu mmalo momudula mphunzitsi malipiro.

Sindinama kuti ana onse asanduka owerenga. Ambiri akadali pa manotsi, ndipo ena amabwereka buku kuti angooneka nalo. Koma pali kagulu ka ana pafupifupi khumi kamene kamakumana Lachitatu lililonse tikaweruka, kuwerengerana zimene alemba. Ndipo apa mpamene ndidaona chinthu china chimene chili pachiswe kuposa mabuku a m'kabati.

Dzina la Thambani limadziwika m'dziko muno chifukwa cha zimene zidachitika mu Meyi 1983, pamene nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa m'dera lino. Boma la nthawiyo lidati idali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adachita kuphedwa, ngakhale amene adazengedwa mlandu khoti lidawamasula mu Disembala 1995. Boma la Mwanza lidalandiranso anthu ambirimbiri othawa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992. Nkhani zimenezi zidalembedwa ndi atolankhani, maloya ndi akatswiri a mbiri ochokera kutali. Koma anthu amene adali pano, amene amakumbukira mantha a masiku amenewo, amene adagawana minda ndi ndiwo ndi alendo a kutsidya kwa malire, akutha mmodzimmodzi. Mtsikana wina wa m'kagulu kaja adakhala pansi ndi agogo ake madzulo atatu, n'kulemba masamba asanu ndi limodzi a momwe banja lawo lidasungira mayi wina wothawa nkhondo ndi ana ake. Chichewa chake chidali ndi zolakwika zambiri, koma nditawerenga ndidadziwa kuti zimenezi sizili m'buku lililonse. Agogowo adatisiya mwezi wa Juni. Masamba aja alipo.

Tsono ndili ndi mapempho angapo. Kwa alembi athu, ndi mabungwe anu: pachaka sankhani tsiku limodzi lokha lopita kusukulu ya kumudzi. Sitingakupatseni envulopu yonenepa, koma thiransipoti, nsima ya nkhuku yachikuda ndi ana ofunsa mafunso amene a kuhotela sangakufunseni, zimenezo tikhoza. Bwerani ndi mabuku ochepa pamtengo woti komiti ya makolo ingakwanitse. Kwa a National Library Service: nthambi zanu zitakhala ndi ndandanda wa alembi ofuna kuyendera masukulu, ife tikadadziwa pogogoda, chifukwa si mphunzitsi aliyense ali ndi mnzake wodziwa nambala ya mlembi. Kwa aphungu ndi makhansala: pokambirana za thumba la chitukuko cha m'madera, kumbukirani kuti chipinda chimodzi chokhala ndi mashelefu, mawindo ndi simenti pansi yoletsa chiswe nachonso ndi chitukuko, monga mlatho ndi mjigo.

Kwa ahedi ndi aphunzitsi anzanga, pempho langa silifuna ndalama. Tsegulani kabatiyo. Dulitsani kiyi wachiwiri, perekani kope kwa ana, ndipo vomerani kuti buku lowerengedwa limang'ambika. Musadikire mlendo wa ku Blantyre kuti muyambe. Funsani mlonda, funsani amayi ogulitsa mandasi pageti, adzakuuzani amene amapeka nyimbo za kwaya m'mudzimo, amene amalemba masewero a achinyamata kutchalitchi kapena kumzikiti, amene ali ndi nthano zosatha. Ine ndidakhala zaka zingapo ndikudutsana ndi mlakatuli pamsika osamudziwa, chifukwa sindidafunse. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Kwa makolo: mwana akabwera ndi buku losakhala la mayeso, musamulande kuti akutaya nthawi. Mwana wozolowera kuwerenga nkhani savutika kumva funso la Biology kapena la History, chifukwa mayeso onse amayamba ndi kuwerenga. Ngati maso anu kapena sukulu yanu siyikulolani kuwerenga nokha, muuzeni akuwerengereni.

Chaka chino tikuchitanso, Loweruka lomaliza la mwezi uno, pansi pa mango omwe aja. Mlembi wa ku Blantyre uja walonjeza kuti ulendo uno afika, ndipo madala a kutsidya ayamba kale kusita jekete. Mnyamata wa funso uja tsopano ali Fomu 4, ndipo ndi amene adzalandire alendo ndi kuwatchula mayina. Wandipempha kuti pamapeto adzawerengeko nkhani yake ya masamba atatu, yonena za mnyamata wa kabaza amene adanyamula katundu wosamudziwa kupita naye kumalire. Ndamuuza kuti ayikonzenso kachitatu, chifukwa mathero ake akadali othamanga. Amene muli kufupi, bwerani ndi mpando wanu, mabenchi a kutchalitchi sakwanira.